Madala a ku Luwinga amene anadzutsa hita ya Kachule kanga

Ndikauza abale anga a ku Salima kuti ndataya ndalama pokonzetsa hita ya galimoto, amayamba ndi kuseka. Mlamu wanga anachita kundiimbira foni n'kufunsa kuti, "Alamu, hita m'Malawi muno? Kapena mukufuna muziwotcheramo mbatata?" Sindinalimbane naye. Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja, kumene amagona mawindo ali pululu chaka chonse, sungamufotokozere za Chikangawa mu Julayi dzuwa lisanatuluke. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo ukayamba kukwera mapiri a Viphya kulowera ku Mzimba, kuzizira kwake n'kwina. Komabe chisanu si chimene chinandipititsa ku galaja, jekete ndili nalo. Chinandipititsa ndi galasi la kutsogolo.

Galimoto yake ndi Eunos Roadster ya 1994. M'mayiko ambiri imadziwika kuti Mazda MX-5, koma ku Japan ankaigulitsa ndi dzina la Eunos. Ndi kagalimoto ka mipando iwiri, denga la nsalu, injini ya 1.8, ndi nyali zija zimatukuka pa boneti ukaziyatsa. Chifukwa cha nyalizo mayi a kunyumba anakatcha Kachule, ndipo dzinalo linakakamira moti ana a kuno ku Katoto akandiona amakuwa kuti, "Kachule, phethira!" ine n'kuwayatsira nyali kawiri. Ndinakagula zaka zinayi zapitazo kwa bambo wina amene ankasamuka mumzinda muno. Anandiuza poyera kuti hita siigwira, ine n'kuti palibe kanthu, pakuti tinkagulana mu Okutobala kukutentha.

Julayi wapitayu tinanyamuka cha m'ma 5 koloko m'mawa kupita ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Mzimba. Titalowa m'nkhalango ya Chikangawa chifunga chinatsika, chija choti ngakhale mzere wa pamsewu sumauona bwino. Kunja chifunga, m'kati namo nthunzi. Anthu awiri kupumira m'kagalimoto kakang'ono, denga la nsalu litanyowa ndi mame a usiku, galasi lonse linangoti mbuu. Fani inkagwira pa nambala 4 pokha, ndipo inkangopemerera mphepo yozizira imene siinkachotsa kanthu. Mayi anagwira ntchito yopukuta galasi ndi chitenje ulendo wonse. Pakona ina ndinangoona nthambi za mitengo zitayalidwa pamsewu, kuponda buleki, n'kupeza lole ya matabwa itafa patsogolo pathu, yopanda nyali ngakhale imodzi. Tinaima patatsala malo oti mbuzi yokha ndiyo ikanadutsa. Mayi sanakuwe. Anangonena motsitsa mawu kuti, "Bambo a ana, Kachule kanuka mukakonzetse kapena mukagulitse. Ine sindidzakweranso."

Ndinayamba ndi galaja ina ya m'tauni, yooneka bwino, ya simenti pansi. Anyamata a kumeneko sanatsegule n'komwe boneti. Anangosuzumira m'kati n'kunena kuti hita yonse yatha, pafunika kuitanitsa ina kuchokera kunja, ndipo dashibodi yonse ichoke. Mtengo umene anatchula unadutsa K600,000. Ndalamazo zinandiopsa, koma chimene chinandiopsa koposa ndi dashibodi. Pulasitiki ya zaka 30 ili ngati chigoba cha dzira. Ukaigwira mwaphuma, tizigawo timene timaigwirizira timathyoka, ndipo galimoto imakhala ikulira kwetekwete mpaka tsiku lodzaigulitsa.

Mnzanga wina wa kuntchito, amene amasunga Land Rover yakalekale, ndiye anandilozera ku Luwinga. Dzina la galajayo sinditchula, chifukwa m'munsimu ndinenamo ndi zoipa zomwe, ndipo palibenso chikwangwani choti mungawerenge. Ndi bwalo la mpanda wa malata, msewu wake wafumbi, wamabampu oti Kachule kanakhula mimba kawiri ndisanafike. M'kati muli shedi imodzi, dzenje loyang'anira kunsi kwa galimoto, ndi magalimoto atatu akufa amene nkhuku zinawasandutsa nyumba. Eni ake ndi bambo wachikulire, wa imvi, wovala magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Aliyense amangowatcha madala. Anandilonjera m'Chitumbuka, atamva mmene ndinayankhira mopunduka anaseka n'kutembenukira ku Chichewa.

Chimene chinandigwira mtima poyamba n'chakuti sanagwire sipanala kwa mphindi zambiri. Anayamba ndi mafunso ngati a kuchipatala. Singano ya geji ya kutentha imafika pati mukayenda? Ndinati imadzuka pang'ono m'tauni, koma potsetsereka imagweranso pansi. Kapeti ya kumapazi imanyowa? Mumamva fungo lotsekemera m'kati? Ayi. Mafuta ikumwa bwanji? Ndinati kwambiri, kuposa msinkhu wake. Mu rediyeta mumathira chiyani? Apa ndinayankha motsitsa mawu kuti madzi a pampopi. Madala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja osanena kanthu.

Kenako analiza injini ili yozizira, n'kundiuza kuti ndigwire paipi yaikulu ya pamwamba yopita ku rediyeta. Inayamba kufunda pang'onopang'ono kungoyambira pachiyambi. "Mwamva, bwana? Paipi imeneyo siyenera kufunda msanga chonchi. Imayenera kukhala yozizira mpaka injini itatentha, kenako n'kutentha kamodzin'kamodzi thermostat, kachipangizo kotseka ndi kutsegula njira ya madzi, ikatseguka. Iyiyi kapena yafera potseguka, kapena mulibemo." Atamasula mabawuti a chivundikiro chake kutsogolo kwa injini, m'kati munali mbee. Wina anaichotsa kalekale.

Apa madala anakwiya, osati ndi ine koma ndi amakaniko anzawo. Anati chizolowezi chochotsa thermostat chinafala chifukwa anthu amati dziko lathu ndi lotentha, kachipangizoka n'ka kumayiko a chisanu. Koma ntchito yake si ya nyengo ya kunja. Kamatseka njira ya madzi opita ku rediyeta mpaka injini ifike pa kutentha kumene inapangidwira, madigiri 80 ndi kanthu, kenako kamatsegula ndi kutseka kuti kutenthako kusasinthesinthe. Kakachoka, injini imayenda yozizira, kompyuta yake imaganiza kuti kukadali m'mawa ndiye imangowonjezera petulo, oyilo safewa bwino, ndipo zitsulo za m'kati zimadyana msanga. Ndinakumbukira masiku amene ndinagona pamzere wa mafuta, osadziwa kuti ena mwa mafutawo ndinkangowawotcha chabe. Ndipo hita, imene imadalira madzi otentha a mu injini, ingatenthe bwanji madziwo ali ofunda ngati osambitsira khanda?

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Madala anatenga tochi n'kundiitanira kumbuyo kwa injini, pampata wopapatiza pakati pa injini ndi khoma lolekanitsa injiniyo ndi okwera. Pakhomapo panatulukira timapaipi tiwiri tachitsulo, topanda cholumikizidwa, kamodzi kotsekedwa ndi dothi la mavu. Pambali pake panali paipi ya rabara yopindidwa ngati ndowe, yotenga madzi potulukira n'kuwabwezera polowera. Tsono hita yanga siinali yakufa, inali yosalidwa. Madzi sankafikako n'komwe.

Ndinaphunzira zambiri nditawerama pamenepo. Kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono. Madzi otentha ochokera mu injini amadutsa m'menemo, fani n'kukankha mphepo kudutsa pa karediyetako, mphepoyo n'kutuluka yotentha. Pa magalimoto ena akale pamakhala kampopi kotseka madziwo ukafuna mphepo yozizira, koma pa galimoto iyi palibe. Madzi amadutsa nthawi zonse, ndipo kandodo kamene timakankha kuchoka pa buluu kupita pofiira kamangosuntha kachitseko kosakaniza mphepo yotentha ndi yozizira. Madala anati uja anapinda paipi anachitako bwino kumbali imodzi: sanaitseke. Injini imeneyi ndi ya banja la Mazda 323, kumene inkakhala chopingasa. Ataitembenuza kuti iyendetse matayala a kumbuyo, thermostat inaikidwa kutsogolo, ndiye njira ya ku hita ndi imene imathandiza kutulutsa madzi otentha kumbuyo kwa injini. "Ena amangolowetsamo bawuti kapena chitsononkho n'kumanga ndi waya. Silinda ya kumbuyo imapsa mwakachetechete, geji osakuuzani."

Funso linatsala linali lakuti anaisaliranji. Nthawi zambiri munthu amachita zimenezi karediyeta kaja kakabooka n'kumadonthezera madzi pa kapeti. Zikanakhala choncho, anyamata a m'tauni aja akanakhala kuti ananena zoona. Madala sanafune kulota. Anachotsa dothi la mavu, kutseka kapaipi kamodzi, kwinako n'kulumikiza pampu ya njinga yokhala ndi geji. Anapopa mpaka pa 0.9, nambala yolembedwa pa chitsekerero cha rediyeta, n'kupita kukamwa tiyi. Atabwerera singano inali itatsika. Mtima wanga unatsika nayo. Koma iwo anathira madzi a sopo pakamwa pa kapaipi kaja, thovu n'kuyamba kutuluka pomwepo. Kapaipiko kanali kophwanyika, kosazungulira bwino, kali ndi zipsera za pulayala. Timapaipi timeneti n'tachitsulo chofewa. Rabara yakale ikamatirira, wosadziwa amaigwira ndi pulayala n'kupotokola, kapaipi n'kuphwanyika, ndipo paipi yatsopano siigwiranso bwino. Njira yake n'kung'amba rabara yakaleyo ndi mpeni m'litali mwake. Zikuoneka kuti wina anaphwanya, anaona kuti pakudontha, anangolambalala.

Ola lathunthu linatha madala akulowetsa kachitsulo kosalala m'kapaipimo, kuzungulitsa pang'ono, kutulutsa, kuyang'ana, kubwerezanso. Ine ndinayamba kutopa nditakhala pa tayala. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atapopanso kachiwiri, singano inaima pamalo amodzi mpaka tinaiwala za iyo. Karediyeta kanali kabwinobwino, ndipo dashibodi siinachoke.

Kutsuka ndiko kunandichititsa manyazi. Analowetsa madzi chobwerera, kuyambira kotulukira, mosakankha kwambiri kuopa kuphulitsa karediyeta kokalamba. Zimene zinatuluka zinali ngati mtsinje wa Lunyangwa mvula itagwa usiku wonse, kenako ngati thobwa, ndipo panapita ndowa zingapo madzi asanayere. Mu injini namonso chimodzimodzi. Apa mlandu unali wanga. Ndinkaganiza kuti coolant, mankhwala othira mu rediyeta aja, ndi woletsa madzi kuundana ku Ulaya basi. Madala anati ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira, ndipo kuno kumtunda madzi amawira msanga, cha pa madigiri 96, osadikira 100 wa m'buku la kusukulu. Dzimbiri limenelo ndi limene limatseka tinjira ting'onoting'ono ta mu hita. Anandionetsanso kuti paipi ya rabara ya kumbuyo ija inali yofufuma, yofewa ngati nthochi yakupsa, chifukwa oyilo ankaidonthera kuchokera pa kamphete ka rabara ka sensa imene ili kumbuyo kwa mutu wa injini. Anati kuika paipi yatsopano osasintha kamphete n'kutaya ndalama. Kamphete kake n'kotchipa kuposa mbale ya chipisi.

Za m'kati zinapita msanga. Atatsitsa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, mu fani anapezamo chisa cha makoswe, makoko a mtedza ndi zidutswa za nyuzipepala. Kachipangizo kochepetsa liwiro la fani kanali katapsa, n'chifukwa chake nambala 4 yokha ndiyo inkagwira, poti pa liwiro lomalizalo magetsi sadutsira m'menemo. Kena anakapeza pa Mazda yakufa kwa ogulitsa masipeya akale, ndipo ananeneratu kuti salonjeza kuti kakhalitsa. Kebulo ya kachitseko kosakaniza mphepo inali itavuka pa ndowe yake, anangoibwezera.

Tsopano zoipa, chifukwa zilipo ndithu.

Anandiuza kuti masiku atatu. Galimoto inakhala kumeneko masiku khumi ndi limodzi. Thermostat m'masitolo a muno siinapezeke, anaitanitsa ku Lilongwe, n'kubwera pa basi. Yoyamba inali yosakwana, inabwerera. Izi sindingawaimbe nazo mlandu, mwini galimoto yachilendo amadziwa kuti walira mvula walira matope. Koma palibe anandiuza. Ndinkaimba foni, osayankhidwa, kapena n'kupeza yazima. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinakwera kabaza mpaka ku Luwinga, n'kupeza geti lotseka ndi unyolo. Mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi amene anandiuza kuti madala apita kumaliro ku Rumphi ndipo abwera mkucha. Maliro ndi maliro, tonse timapita. Koma uthenga umodzi wa pa foni ukanandipulumutsa ku fumbi ndi ndalama ya kabaza. Kachule kanali pabwalo, denga la nsalu likunyowa ndi mame usiku uliwonse, ngakhale ndinawapempha kuti kazigona mu shedi.

Anyamata awo awiri ophunzira ntchito ndi aulemu, koma manja awo sadziwa sopo. Ndinapeza zidindo za girisi pa chiwongolero, pa chitseko, ngakhale pa nsalu ya denga m'kati, pomwe sindikudziwa kuti ankafunapo chiyani. Kachigwiriro kamodzi ka kabokosi kaja anakathyola n'kumata ndi guluu osandiuza. Ndinazindikira ndekha patapita sabata kabokosiko katayamba kulendewera mbali imodzi. Nditabwerera kukadandaula, madala anakalipira mnyamatayo pamaso panga, zimene sindinazikonde, kenako anapanga kachigwiriro ka lata kamene kakugwira mpaka lero. Lisiti mpaka uchite kupempha, ndipo imalembedwa pa pepala long'amba m'kope.

Tsiku lokatenga anandichedwetsanso maola awiri, koma apa ndiwayamikira. Anali atathira kale coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera a m'botolo, pafupifupi malita 6 onse pamodzi, koma anakana kundipatsa makiyi asanatulutse mpweya. Anakweza kutsogolo kwa galimoto ndi jeke, chitsekerero cha rediyeta chili chotsegula, injini ikulira, iwo akufinya mapaipi mpaka thovu linasiya kutuluka ndipo fani ya rediyeta inazungulira kawiri. Anati mpweya ukatsalira umakakhala mu hita, ndiye umamva kulira kwa madzi kuseri kwa dashibodi, kutentha kumabwera ukaponda mafuta n'kuthawa ukaima. Atatero anati tikwere limodzi. Tinatsika msewu wa ku Nkhata Bay makilomita angapo n'kubwerera chokwera, iwo dzanja lili pa kabowo ka mphepo, diso pa geji. Singano inakwera n'kuima chapakati, osagwa potsika, osakwera pokwera. M'zaka zinayi ndinali ndisanaionepo itaima pamenepo.

Zonse pamodzi zinandidyera K200,000 kuchotsapo pang'ono. Ntchito ya manja anatchula K70,000, zotsalazo ndi thermostat, mapaipi, coolant, kachipangizo ka fani ndi ndalama ya basi. Sindinanenerere. Munthu amene wakupulumutsira dashibodi sumutsitsa mtengo. Zakale zonse zimene anachotsa anandiikira m'jumbo kuti ndione, kuphatikizapo chisa cha makoswe, chimene ndikuganiza kuti chinali chipongwe chabe.

Kwa amene ali ndi galimoto yatsopano yofuna kulumikiza ku kompyuta, kumeneku si kwanu, makina otero kulibe. Amene galimoto yake ndi yodyera, monga takisi yoti mawa ikhale pamsewu, asayerekeze, adzadwala mtima. Koma ngati muli ndi galimoto yokalamba imene amakaniko asanu anaigwiragwira kale, aliyense n'kusiyamo nzeru zake, madalawa amadziwa kufufuza mapazi a anzawo. Pitani nayo muli ndi ina yoyendera, muvundikire mipando ndi nsalu zakutha, ndipo masipeya ovuta muyambe mwafunsa nokha ku Lilongwe.

Kumayambiriro kwa Ogasiti tinadutsanso ku Chikangawa m'mamawa, mayi atavomera monyinyirika. Chifunga chinalipo, ngakhale sichinafike pa chija. Ndinalozetsa mphepo ku galasi, kandodo pofiira, n'kutsegula kolowera mphepo ya kunja monga anandilangizira madala, chifukwa ukamazungulitsa ya m'kati yomweyo umangobweza chinyezi cha mpweya wanu pagalasi. Nthunzi inayamba kuthawa kuchokera m'munsi, ndipo tisanamalize chitunda choyamba galasi linali mbee. Chitenje chinakhala pamiyendo ulendo wonse. Tikuyandikira mphambano ya ku Mzimba mayi anayamba kudandaula kuti mapazi akupsa, ndichepetse.

Mafuta nawo ikumwa mochepera, ndaona pa maulendo anga a ku Ekwendeni. Chatsala ndi rediyeta yaikulu. Madala anandionetsa kuti pulasitiki ya pamwamba pake, imene inali yakuda, yasanduka yofiirira, ndipo anati ikafika mtundu umenewo imang'ambika tsiku lililonse, makamaka tsopano pamene injini ikutentha mokwanira. Ndaitanitsa kale ina, ikubwera mwezi wamawa. Ndidzapita nayo ku Luwinga komweko, koma ulendo uno ndatenga nambala ya mnyamata wothyola kabokosi uja. Iyeyo foni amayankha.